Mutu 7: Mlonda wa M'chifuwa

1. Malo amodzi, anyamata awiri

Pa ukonde wa nkacha pamakhala anthu asanu ndi awiri, koma wotchuka amakhala mmodzi. Asanu ndi mmodzi amapalasa ndi kukoka zingwe. Wotsalayo amabira pansi pa madzi, n'kukamanga kunsi kwa ukonde kuti ukhale ngati thumba, nsomba za kambuzi zisowe pothawira. Ameneyu ndiye wobira. Boti likafika padoko, iye ndiye amayamba kusankha nsomba za ndiwo.

Mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsekera, wobira wa a Jeremiya ananyamuka ulendo wa ku Joni osatsanzika. A Jeremiya anali ndi maboti awiri padoko lina la nyanja ya Malombe, ndipo ukonde wawo unagona pamchenga masiku anayi. Kenaka analengeza kuti Loweruka m'mawa ayesa anyamata. Amene akhalitse pansi pa madzi ndiye atenge malowo.

Ofuna malowo analipo awiri, Swadick ndi Hafiz. Onse anali a Fomu 3, ndipo kusukulu ankakhala desiki imodzi. Swadick anali atanena kale padoko ponse kuti iye akakwera boti adzakwera ngati wobira basi.

"Ntchito yokoka chingwe ine ayi," ankatero. "Ndi bulu yemwe amakoka."

Lachinayi masana awiriwa anakhala pamwamba pa boti lakale limene analivundikira pamchenga.

"Iwe ndiwe mnzanga," anatero Hafiz, "ndiye ndikuuza chinsinsi changa, kuti ndikakupambana usadzanene kuti ndinabera."

"Chinsinsi chanji? Kudya kwambiri kuti uzimira msanga?"

"Seka lero, Loweruka udzakhala chete. Usanalowe m'madzi, upume mofulumira komanso mwamphamvu kokwana makumi atatu. Kulowetsa, kutulutsa, mpaka zala zichite dzanzi. Pamenepo ndiye kuti wadzaza."

"Wadzaza chiyani?"

"Mpweya, ngati tayala la njinga. Ukatsika pansi chifuwa sichivutanso."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Yemwe uja wa ku Joni."

Swadick anayesa tsiku lomwelo m'madzi olekeza m'chiuno. Kale sankafika mphindi imodzi. Ulendo uno anadutsa mphindi ndi theka, chifuwa chili phee. Chinsinsicho chinali chogwiradi ntchito, ndipo vuto lake linagona pamenepo.

2. Mbuzi ya sadaka

Lachisanu kwawo kwa Swadick kunali sadaka yokumbukira agogo ake. M'mawa amjomba ake, Che Bakali, anazinga mbuzi kuseri kwa nyumba. Che Bakali anabira nkacha zaka makumi awiri. Tsopano ankangosoka maukonde ali chikhalire, chifukwa ngakhale ulendo wa kumzikiti ankapumula kawiri panjira.

Ali mkati mosenda mbuziyo, anamva phokoso kuseri kwa bafa, ngati wina akupopa njinga. Atasuzumira anaona Swadick akupuma mofulumira, kenaka n'kudzandira mpaka kugwira mpanda.

"Mphwanga, tabwera undigwirire mwendo uwu," anaitana.

Pafupi panali Malita, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankaphunzira unamwino ku Zomba. Kwawo ankapemphera Lamulungu, koma sadaka ya kwa Che Bakali sinkamuphonya. Anali atakhala ndi beseni la madzi, akudikira zam'kati kuti atsuke.

Che Bakali anatulutsa mapapo a mbuzi, kholingo lake lili pomwepo. Anadula kabango, n'kukalowetsa m'kholingomo, n'kuuzira. Mapapo anangogwedezeka pang'ono. Che Bakali anayamba kutsokomola, ndipo anatsokomola nthawi yaitali.

"Tauzira iwe," anatero atapezako mpweya.

Swadick anauzira. Nyama yofwapa ija inadzuka m'manja mwake, inatupa mbali zonse ziwiri, n'kusanduka yofiirira mowala. Atachotsa pakamwa, inafwapanso yokha pang'onopang'ono.

"Tsopano ndikufunse," anatero Malita. Anadula kachidutswa ka chiwindi ndi kachidutswa ka phapo, zofanana kukula. "Zonsezi ndi nyama ya mbuzi imodzi. Ndikaziponya m'madzi, zitani?"

"Zimira, achemwali. Nyama si nkhuni."

Malita anaziponya m'beseni. Chiwindi chinapita pansi. Phapo linayandama.

"Lifinye," anatero Malita.

Swadick analifinya ndi zala, ndipo linalira timaphokoso ngati thovu la sopo. Ataliponyanso, linayandamabe.

"Mpweya ukalowa m'mphuno umatsika ndi kholingo ili," anafotokoza Malita, akuloza ndi mpeni. "Apa lagawikana pawiri, kumanja ndi kumanzere. M'katimo njira zimagawikanabe ngati nthambi za mtengo, mpaka kuchepa kuposa ulusi wa ukonde. Kumapeto kwa kanthambi kalikonse kuli timatumba ta mpweya tosaoneka ndi maso, tambirimbiri. Timeneti ndi timene tayandamitsa nyamayi. Kathumba kalikonse kazunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Pamenepo ndiye pamsika. Magazi amatengapo okosijeni, mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito, n'kusiyapo mpweya woipa umene thupi lapanga, uja m'kalasi mumati kaboni dayokisaidi. Ukapumira kunja, woipawo umatuluka."

"Nanga mbuziyi ili moyo ankaiuzira ndani?" anafunsa Swadick.

Che Bakali anatambasula mnofu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba.

"Uwu," anatero Malita. "Ukatsika, nthiti n'kufutukuka, chifuwa chimakula ndipo mpweya umalowa wokha. Mapapo paokha alibe mphamvu, amangotsatira."

3. Chimene chimatulutsa munthu m'madzi

Che Bakali anapukuta mpeni pa udzu.

"Tsopano taonetsa Malita zimene umachita kuseri kwa bafa zija," anatero.

Swadick anayang'ana pansi. Kenaka anafotokoza zonse, za Loweruka, za Hafiz ndi za kupuma makumi atatu.

Malita sanamukalipire. Anangomufunsanso.

"Ukakhala pansi pa madzi, chimakutulutsa n'chiyani?"

"Mpweya wabwino ukatha."

"Yankho lomveka bwino, koma lolakwa. Thupi silichenjera kwenikweni poyeza okosijeni amene watsala. Chimene limayeza bwino ndi mpweya woipa uja. Ukachuluka m'magazi, ubongo umalamula kuti upume. Chifuwa chimatentha, pakhosi pamadumphadumpha. Ameneyo ndi mlonda wako. Amagogoda nthawi ikadalipo."

"Ndiye kupuma makumi atatu kumawonjezera nthawiyo."

"Ayi. Magazi a munthu wathanzi amakhala atadzaza kale okosijeni, moti zili ngati ukuthira madzi m'ndowa yosefukira. Chimene umachita ndi kutaya mpweya woipa uja usanatsike. Mlonda wamutuma kugolosale. Pansi pa madzi okosijeni akutha monga mwa masiku onse, koma wogogoda palibe. Munthu amakomoka asanamve kupweteka kulikonse."

"Koma ine ndinamva bwino, achemwali."

"N'chifukwa chake n'zoopsa."

Che Bakali anakhala pa mtondo wogubuduzika. Anayankhula pang'onopang'ono, akumaima kuti apume.

"Mphwanga, padoko lino obira odziwika tinali awiri, ine ndi mnzanga Nasir. Nasir ankandipambana chaka ndi chaka. Asanalowe m'madzi ankapuma chimodzimodzi mmene umachitira iwe, ife n'kumamuombera m'manja. Tsiku limene anatisiya kunalibe mwera. Madzi anali bata, akuya mikwamba iwiri yokha. Ng'ona sinamugwire. Ukonde sunamukole. Titaona kuti wachedwa ndinatsika ndine. Ndinamupeza atakhala pamatope ngati munthu amene akuchita pemphero la duwa, mfundo atamanga bwinobwino, chingwe chili m'manja. Sanalimbane ndi chilichonse. Anthu anati ndi majini, ndipo ine ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri, mpaka mtsikana uyu atabwera ndi mabuku ake.

"Ine madzi sananditenge, koma taona mmene ndilili. Ndinkatuluka m'nyanja ndikunjenjemera, anzanga n'kundipatsa chingambwe kuti thupi lifunde. Fodya safunditsa munthu. Ndinasuta zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndikaweruka ndinkakhalanso m'kanyumba kowambira nsomba, chitseko chotseka, kuti utsi usathawe. Utsiwo sunathawedi, uli muno. Kuchipatala anandionetsa chithunzi cha chifuwa changa. Anati timatumba tija tinang'ambika n'kusanduka mabowo akuluakulu. Ukonde ukang'ambika ndimasoka, koma mapapo alibe singano.

"Tsono tamvera. Fodya wa mtundu uliwonse usamuyandikire, ngakhale akupatse ndi mnzako wapamtima. Mayi ako akamawamba nsomba, tsegula chitseko ndipo uime kumene kukuchokera mphepo. Pogona, zenera lizikhala ndi polowera mpweya. Chifuwa chikakugwira masabata awiri, usamangomwa mandimu, pita akakuyeze makhololo, chifukwa chifuwa chachikulu chimachizika ukachipeza msanga. Kubira sindikukuletsa. Thamanga, sambira, mapapo amakonda ntchito. Koma usanatsike upume kawiri kapena katatu modekha, monga umapumira ukaima pa swala kumzikiti. Chifuwa chikagogoda, tuluka. Ndipo usadzabire popanda munthu amene maso ake ali pa iwe."



"Ndikatero ndiluza, amjomba," anatero Swadick.

"Uluza," anayankha Che Bakali. "Tandipatsa beseni ilo."

4. Loweruka

Kutacha, Malita anakwera basi kubwerera ku Zomba. Swadick anakumana ndi Hafiz panjira ya kudoko, ndipo anamufotokozera za mlonda, za timatumba ndi za Nasir. Hafiz anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti dzulo wakhala ukuphunzira kubira kwa mbuzi," anatero. "Mbuzi yakufa."

"Usachite, Hafiz. Tingopikisana bwinobwino."

"Ndachita kambirimbiri, ndipo ndi uyu ndikuyenda. Iwe mantha akugwira, ungonena."

Anapita ndi maboti onse awiri. A Jeremiya anakwera lina, foni yowerengera nthawi ili m'manja. Anyamatawo anakwera linalo pamodzi ndi alovi awiri, amuna ogwira ntchito pa ukondewo. Atafika pamadzi akuya mikwamba iwiri ndi theka, anaponya mwala wa nangula.

"Lamulo ndi losavuta," anatero a Jeremiya. "Utsike ndi chingwe, ukhale pansi mmene ungathere, ubwere ndi matope m'manja kuti tidziwe kuti unafikadi. Swadick, yamba."

Swadick anavula malaya n'kukhala m'mphepete mwa boti. Anakoka mpweya mofulumira kamodzi, kawiri, katatu. Hafiz anamwetulira n'kuyamba kumuwerengera.

"Zinayi, zisanu."

Swadick analeka. Anatsitsa mapewa, n'kudikira mpaka mtima utakhazikika. Kenaka anapuma kawiri modekha, ndipo kachitatu analowa m'madzi.

Madzi a Ogasiti anali ozizira. Anatsika ndi chingwe mpaka mapazi anamira m'matope, n'kugwira mwala wa nangula. Poyamba zonse zinali bwino. Kenaka chifuwa chinayamba kutentha. Pakhosi panadumpha kamodzi, panadumphanso. Swadick anakumba matope ndi dzanja, n'kukwera.

"Mphindi imodzi sinakwane," analengeza a Jeremiya. "Patsala masekondi awiri."

"Anangopita kukapereka moni," anatero mlovi wina, mnzake n'kuseka.

Swadick anakwera m'boti. Anakhala pafupi ndi chingwe.

Hafiz anapuma makumi atatu ake, n'kuwonjezera asanu. Anagwedeza zala, n'kulowa.

Mphindi imodzi inadutsa. Alovi anayamba kuimba mluzu. Mphindi ndi theka inadutsa. A Jeremiya anayamba kuwerenga mokweza, ndipo aliyense anatembenukira kwa iwo. Swadick yekha ndiye ankayang'ana pamadzi, dzanja lili pachingwe.

Hafiz anatumphuka kuseri kwa boti, mbali imene a Jeremiya sankaiona. Anakweza dzanja la matope m'mwamba kuti alione, linalo n'kugwira m'mphepete mwa boti.

"Mphindi ziwiri zinangotsala pang'ono," anafuula a Jeremiya. Alovi anadzuka kuti aone manambalawo ndi maso awo.

Nthawi yomweyo Swadick anaona kuti milomo ya Hafiz yachita mbuu. Maso ake anatembenuka, zala zinamasuka pa thabwa, ndipo nkhope inagwera m'madzi mwakachetechete. Swadick anawerama, anamugwira kuchibwano ndi kukhwapa, n'kukweza nkhopeyo pamwamba. Mutu wa Hafiz unali wolemera ngati dzungu.

"Hafiz. Hafiz, puma."

Anamuuzira kumaso. Patapita kanthawi kochepa Hafiz anakoka mpweya mwamphamvu, anatsokomola, n'kutsegula maso.

"Wandigwiriranji?" anafunsa. "Ndapanga zingati?"

Pamene alovi ankatembenuka, anangoona Swadick atakumbatira mnzake.

"Taonani chikondi," anatero mmodzi. "Waluza koma akumuyamikira."

5. Chingwe

Atafika padoko, a Jeremiya anagwira Hafiz paphewa.

"Malo ndi ako. Lolemba m'mawa."

"Bambo Jeremiya," anatero Swadick, "Hafiz anakomoka atangotuluka. Ndikanapanda kumugwira akanabwerera pansi."

A Jeremiya anayang'ana Hafiz.

"Unakomoka iwe?"

"Ine ayi. Ndinatuluka, ndinagwira boti, basi."

Hafiz sankanama. Munthu wokomoka sadziwa kuti anakomoka, ndipo umboni wonse unali m'manja mwa munthu mmodzi, amene anali atangoluza kumene.

"Kuluza kumawawa, mwana wanga," anatero a Jeremiya mosakwiya. "Chaka chamawa udzayesenso."

Swadick anavala malaya ake. Anayenda masitepe angapo, kenaka anabwerera.

"Bambo, ndinamva kuti pachingwe pakuperewera munthu."

"Pakuperewera."

"Ndikupempha malowo. Koma mundiike m'boti limene wobira amatsikira."

Alovi anayang'anana.

"Bulu uja wafika," anatero wina.

"Wafikadi," anayankha Swadick. "Muzimupatsa gaga nthawi yabwino."

A Jeremiya anaseka n'kuvomera. Anawonjezera kuti Lolemba sakakhala m'mphepete. Kambuzi wathawira pakati pa nyanja, pamadzi akuya kuposa a lero, ndipo kumeneko wobira amatsika koposa kakhumi pa tsiku.

6. Malo opumira

Swadick anapeza Che Bakali pakhonde, atangomaliza swala ya masana, ukonde uli pamiyendo. Anawauza zonse.

"Unaluza ndi zingati?" anafunsa.

"Pafupifupi mphindi yathunthu."

"Nanga pamene ankatuluka, maso ako anali kuti?"

"Pamadzi."

Che Bakali anagwedeza mutu, n'kubaya singano pa ukonde. Anavala kofiya yawo, n'kutenga ndodo.

"Iwe ukhoza kumugwira kamodzi, mwina kawiri," anatero. "Kakhumi pa tsiku sungathe. Jeremiya mawu ako sanawamve, koma Nasir ankamudziwa, ndipo tsiku lija anali m'boti lomwelo. Kwawo n'kutali bwanji kuchokera pano?"

"Kupitirira mzikiti, amjomba."

"Ndiye ndipumula kanayi. Tiye tiyambepo."

Anayenda pang'onopang'ono. Anapumula pachitsime, n'kupumulanso pakhonde la telala. Malo achitatu anali tsinde la mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, pamene Che Bakali ankakhala masiku onse. Padoko panalibe munthu wosadziwa malo awo opumira.

Patsindepo anapeza pali munthu kale. Anali Hafiz. Ataona Che Bakali anadzuka n'kuwasiyira malo, koma sanachoke. Sankaseka ngati m'mawa muja.

"Swadick," anatero, "ndikukumbuka ndikugwira boti. Ndikukumbukanso iwe utandigwira kuchibwano. Pakati pakepo ndakhala ndikufunafuna tsiku lonse, sindikupezapo kanthu."

Swadick anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Hafiz anakweza dzanja. Anatembenukira kwa Che Bakali, amene ankalimbanabe ndi mpweya, n'kuima pakati pa njira.

"Mundiyankha, Che Bakali, ndipo ndimvetsera. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi. Kwa a Jeremiya musakafike."